Galimoto ya ku America pa Msewu wa ku Liverpool

Achimwene anga a Fanuel ankafunika kukaonekera ku ofesi ya za anthu obwera m'dziko ku Liverpool Lachinayi, 2 koloko masana. Pempho lawo loti akhale kuno ngati othawa kwawo linali litakanidwa, koma loya anali atapeza umboni wina, ndipo anatiuza kuti mwini wake ayenera kukaupereka yekha pamanja, pa nthawi imene wapatsidwa. Nthawi imeneyo tinaidikira miyezi. Iwo ankakhala ku Wakefield m'nyumba yogawana ndi anzawo othawa kwawo, ine ndili ku Hull kumene ndimagwira ntchito ya unamwino.

Achimwene anali atakonza zokwera basi ya m'mawa. Amene anakana ndi amuna anga, bambo a Tadala.

"Alamu akwere basi ngati alibe abale? Anthu akumpingo akamva atiyesa anthu otani? Ndiwaperekeza ine."

Pakhomo pathu pali magalimoto awiri. Yanga ndi kagalimoto kotuwa ka ku Japan kopitira ku ntchito, ndipo sindikatulutsa pa misewu ikuluikulu chifukwa malole amandiopsa. Ya bambo a Tadala ndi ya ku America, ya m'zaka za m'ma 70, yobiriwira, chiwongolero chili kumanzere. Amati kwawoko inkawerengedwa ngati yaing'ono, koma kuno poimika imadya malo a magalimoto awiri.

Galimotoyo ili ndi mbiri yake, ndipo ndinaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili mtulo. Bambo awo anali dalaivala wa mphunzitsi wina wa ku America ku Zomba, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto ya mtundu womwewu. Amuna anga anakula akuitsuka Loweruka lililonse. Kenako magalimoto a ku Japan anadzaza m'misewu, masipeya a inayo anasowa, mpaka inathera pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Atabwera kuno anapeza inzake pa intaneti, naigula ili yakufa. Zaka zingapo akaweruka ku ntchito yawo yonyamula katundu ankangolowa pansi pake. Anapezanso gulu la azungu okalamba okonda magalimoto akale, amene amakumana m'mabwalo chilimwe n'kumayang'anirana mainjini.

Lachitatu madzulo ndinawapempha.

"Bambo a Tadala, titenge yanga, muyendetse ndinu."

"Kachitini kanu kaja? Kukwera nako mapiri aja kazikalira ngati mphaka. Yanga ndaikonza yonse, ikungofuna msewu wautali kuti ipume bwino."

Tinanyamuka ku Hull m'mamawa Tadala atangopita kusukulu. Kunyamuka kwake kunali kwa mwambo: injini iyambe yatentha, iwo aimirira panja akumvetsera ngati dokotala pa chifuwa cha wodwala. Ine ndinakhala mbali ya kumanja, kumene m'magalimoto onse a kuno kumakhala dalaivala, ndipo lole iliyonse yodutsa inkaoneka ngati ikubwera pa ine.

Tisanapite patali, cha ku Goole, anakhotera pomwetsera mafuta.

"Simunathire dzulo?" ndinafunsa.

"Ndinathira. Koma iyi si njinga yamoto, imadya."

Ali mkati mothira, panabwera nkhalamba ina yachizungu yoyenda ndi ndodo. Inazungulira galimotoyo ikuisisita padenga. Inati ili mnyamata inkagwira ntchito padoko la ku Hull, ndipo ikukumbukira magalimoto oyamba a ku Japan amene inawaona m'tauni. Anthu ankawaseka, ati zidole, ati dzimbiri liwamaliza chaka chisanathe. Koma nyengo yozizira itafika, iwowo ndi amene ankalira m'mawa, anthu ena onse akukankha awo.

Bambo a Tadala anatsegula boneti. Ine ndikudziwa kuti boneti ikatseguka nkhani siitha. Anayamba kufotokoza mmene Amereka anapangira magalimoto ang'onoang'ono mafuta atakwera mtengo, pofuna kulimbana ndi a ku Japan, ndi mmene anthu anawapangira chiwembu powanyoza m'manyuzipepala. Nkhalambayo nayo inali ndi zake. Ndinatsitsa galasi.

"Bambo a Tadala, achimwene akudikira."

"Nthawi ilipo, amayi. Munthu wamkulu akuyankhula."

Ku Wakefield tinawapeza achimwene ataima pageti, atavala suti ya buluu imene tinawagulira pa kaunjika wa kuno, envelopu yaikulu ili m'khwapa, chipewa chili m'manja. Anali atameta bwino. Kwathu anali dalaivala wa minibasi pakati pa Limbe ndi Ndirande, ndipo anathawa atamenyedwa koopsa ndi anyamata ena chifukwa chonyamula anthu opita ku zionetsero. Dzanja lawo lamanzere silipindika bwino mpaka lero. Ataona galimotoyo anaima kaye, kenako anamwetulira.

"Alamu, ndiye mwatitulutsira agogo lero?"

"Lowani muone mmene anthu ankakhalira kale. Kumbuyoko kuli ngati pa sofa."

Ndinawafunsa ngati adya. Anati chakudya chakana kulowa. Ndinawapatsa mandasi amene ndinakazinga dzulo lake, iwo anangowagwira m'manja.

Pafupi ndi Leeds tinalowa mu mdipiti wa magalimoto. Msewu ankaukonza, ndipo tinkayenda pang'ono n'kuima, pang'ono n'kuima. Anthu a m'magalimoto oyandikana nafe ankatijambula ndi mafoni, wina anaimba hutala n'kukweza chala chachikulu. Bambo a Tadala ankawabayibitsa ngati phungu. Apa ndi pamene mkangano wawo wa masiku onse unayambira, chifukwa anthu awiriwa akakumana nkhani imakhala imodzi.

"Tamverani mawu ake, alamu. Galimoto ya ku Japan ili ndi mawu ngati awa? Zija n'zofanana ndi firiji. Umangotsegula, kutseka, basi."

"Firijiyo ndi imene inatilera, alamu," anatero achimwene. "Ine ndayendetsa ya ku Japan kuyambira ndili mnyamata. Ikafa pa Ndirande, sipeya yake umakaigula pamsika, pafupi ndi wogulitsa matimati. Imeneyi ikafa mumalembera kalata ku America."

"Anangokopera! Amereka ndiwo anayamba, awo anangobwera ndi zotchipa."

"Anakopera n'kukonza. Kunja kuno wosauka safuna mawu a injini, amafuna kukafika. Mayi woyembekezera akayamba kudwala ku Chilobwe, mumutengera pa chiyani?"

"Inu mumaona galimoto ngati khasu. Ine bambo anga akamadutsa pa Zomba ndi galimoto ngati iyi, apolisi ankaimika sawasha."

"Nanga inathera kuti?"

Bambo a Tadala anagunda chiwongolero ndi chikhatho.

"Inaphedwa ndi kusowa kwa masipeya, osati kuti inali yoipa."

"Ndi zomwezo ndikunenazi."

Onse anaseka, ndipo kwa kanthawi ndinakondwa kuti achimwene aiwalako zimene zinkawadikira. Koma titadutsa mdipiti uja, ndikacheuka ndinkawapeza akusuzumira kutsogolo, pa wotchi yoonetsa kutentha kwa injini.

Kupitirira Huddersfield msewu umayamba kukwera. Mitengo imatha, kumatsala mapiri a udzu wofiirira ndi nkhosa, ndipo mphepo ya kumeneko imakankha galimoto ngati munthu. Mvula inayamba kuwaza. Tili pafupi kufika pamwamba, ndinaona utsi woyera ukutuluka m'mbali mwa boneti.

"Bambo a Tadala, icho n'chiyani?"

"Ndi mvula ikugwera pa chitsulo chotentha."

Asanamalize panamveka kuphulika, ndipo galasi lonse lakutsogolo linachita mbuu. Anakhotera m'mbali mwa msewu mosaona bwino, lole ina ikutiimbira hutala mpaka m'makutu kuwawa. Injini inatsokomola n'kuzima.

Tinatuluka n'kudumpha chitsulo chotchinga msewu, monga amalangizira, n'kukaima pa udzu wonyowa. Panalibe mtengo, panalibe nyumba, panalibe pobisala. Achimwene analowetsa envelopu mkati mwa malaya n'kupinda manja pachifuwa. Bambo a Tadala anatsegula boneti, nthunzi inawawomba kumaso, ndipo madzi obiriwira ankayenderera pa phula.

"Ndi zazing'ono," anatero. "Ingozizira kaye."

"Madzi onse ali pansi, izizira n'kuyenda ndi chiyani?"

"Amayi, musandisokoneze."

Ndinayamba kuimba mafoni. A tekisi oyamba anati saloledwa kuima pa msewu ngati umenewo. Achiwiri anandifunsa kuti ndili pati kwenikweni, ndipo nditati paphiri pakati pa Huddersfield ndi Rochdale anadula. Ku ofesi ya loya kunayankha mtsikana amene anati abwana ali kukhoti, ndipo malangizo ake anali akuti tiyesetse kukafika basi. Okoka magalimoto owonongeka anati abwera, koma poti galimotoyo ndi yakale ndiponso yolemera, pakufunika lole yoinyamula yonse, ndipo imene inali pafupi inali ndi ntchito ina.

Ndiye tinadikira. Mvula ya kumeneko sigwa kuchokera kumwamba, imabwera cham'mbali. Nsapato zanga zinadzaza madzi. Suti ya achimwene inasanduka yakuda, ikumata pathupi. Lole iliyonse yodutsa inkatithira madzi a pamsewu. Panafika galimoto ya oyang'anira msewu, anatiikira zizindikiro kumbuyo, natipatsa zofunda zopyapyala zonyezimira ngati pepala lokulungira nyama. Ndinawachonderera kuti atengeko achimwene okha mpaka tauni yapafupi. Mayi amene ankayendetsa anandimvera chisoni, koma anati aitanidwa ku ngozi ina kutsogolo ndipo sangathe.

Achimwene sanadandaule ngakhale kamodzi. Anangofunsa kuti, "Chemwali, nthawi ili bwanji?" Ndikawauza ankagwedeza mutu. Kenako anasiya kufunsa. Ndinawamva akung'ung'udza nyimbo ya kwaya pansipansi, mano akugundana.

Lole yodzanyamula galimoto ija inafika dzuwa litapendeka kale, ngakhale dzuwalo sitinalione tsiku lonse. Dalaivala wake, mzungu wonenepa wa ndevu, anatsika n'kugwira m'chiuno.

"Ayi, sindikukhulupirira! Imeneyi ndinaiona komaliza ndili mwana. Amalume anga anali nayo, asanagule ya ku Japan ngati wina aliyense."

Anatulutsa foni n'kuyamba kuijambula, kutsogolo, m'mbali, mkati. Ndipo ndinaona ndi maso angawa bambo a Tadala, anyowa mpaka mkati, nkhope ikuwala, akumuonetsa mipando kuti ndi yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Ndinayankhula Chingerezi chimene ndimayankhula ku wodi wodwala akamakomoka. Ndinamuuza bamboyo kuti munthu uyu akachedwa akhoza kubwezedwa kumene anathawa. Anabweza foni m'thumba, ndipo kunena zoona anagwira ntchito mwachangu.

Tinapanikizana kutsogolo kwa lole mpaka ku Rochdale, kumene anatitsitsa pa garaja ina kuseri kwa masitolo. Makaniko anasuzumira mu injini n'kupukusa mutu, ati zipangizo za galimoto ngati imeneyi sasunga, ndipo sangailonjeze malo ogona mkati. Ine ndinali nditaitana kale tekisi.

"Tiyeni, bambo a Tadala, yafika."

Anayang'ana tekisi, anayang'ana galimoto yawo ili pa lole.

"Tsogolani ndi alamu. Sindingaisiye panja pano, anthu akhoza kuiphwanya magalasi. Zinthu zake sizipezeka."

"Mukuti chiyani?"

"Kumeneko ine ndikachitako chiyani? Wolowa ndi mmodzi."

Achimwene anandigwira pamkono. "Chemwali, tiyeni. Alamu, zikomo potifikitsa pano."

Tekisiyo inali ya ku Japan, ya mtundu uja woyendera petulo ndi magetsi, yosamveka n'komwe ikamanyamuka. Dalaivala anali bambo wachikulire wochokera ku Pakistan. Mtengo umene ananena unali wowawa, koma sindinanenerere. Atamva nkhani yathu anazimitsa wailesi, anatsegula chotenthetsa mpaka kumapeto, n'kupatsa achimwene kathawulo koti apukutire kumutu. Anati mphwake anadutsa m'zomwezi. Anayendetsa mmene akanathera, koma kuzungulira Manchester kunali kothina, ndipo 2 koloko inatipeza titaima kumbuyo kwa lole ya mkaka, chikwangwani cha Liverpool chikuoneka patsogolo. Achimwene anatulutsa envelopu m'malaya kuti aione. M'makona munali mutanyowa, koma zolemba zinali bwino. Anaiika pa mawondo n'kumaiwongola ndi chikhatho.

Za mzinda wa Liverpool musandifunse, sindinauone. Ndinaona khomo lagalasi ndi mlonda wovala jekete yakuda. Anayang'ana pepala la achimwene, anayang'ana wotchi, n'kulowa mkati kukafunsa. Atabwera anati nthawi yawo yadutsa, amene amalandira anthu atseka za tsikulo, tikapemphe tsiku lina kudzera kwa loya. Ndinafotokoza za phiri, za mvula, ndinamuonetsa nsapato zanga. Ndinamupempha kuti angolandira envelopuyo. Anati saloledwa kugwira kanthu. Sanali wamwano. Anapepesa ndithu, kenako anayang'ana munthu amene anali kumbuyo kwathu.

Achimwene anavula chipewa n'kumuthokoza. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukanidwako.

Pobwerera tinakwera basi yopita ku Leeds, yomwe ija akanakwera m'mawa. Inali yofunda, yopanda anthu ambiri. Kutsogolo kwathu kunakhala mayi wina wa ku Zambia amene anatimva tikuyankhula n'kutembenuka. Anati amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Ataona mmene achimwene ankanjenjemerera anatulutsa fulasiki.

"Imwani tiyi, atate, muzadwala. Mwachoka kuti so mwanyowa?"

"Tinapita kukaona nyanja," anatero achimwene, ndipo mayiyo anaseka, osadziwa.

Basi inakwera mapiri omwe aja mosavutika. Titadutsa pafupi ndi pamene tinaima, achimwene anayankhula osandiyang'ana.

"Fungo la injini ndinayamba kulimva tili ku Leeds. Madzi a injini akamatuluka amanunkha ngati shuga wopserera."

"Bwanji simunanene, achimwene?"

"Ndinene chiyani? Ine kuno ndimadya kwa inu. Jekete ndi yanu, foni ndi yanu. Munthu wandinyamula pa galimoto imene amaikonda kuposa chilichonse, ine ndizimuuza kuti ikununkha? Ndinangoti mwina tikafika."

Ndinayang'ana pawindo kuti asaone nkhope yanga. Munthu amene ankalamula minibasi yodzaza, amene makondakitala ankamuopa pa siteji ya Limbe, anafika poopa kunena kuti galimoto ikutentha.

Foni yanga inalira tikuyandikira Leeds. Anali bambo a Tadala, mawu ali mwamphamvu.

"Amayi, nkhani yabwino! Injini sinafe. Ndi paipi chabe ya ku redieta, inang'ambika. Mnzanga wina wa m'gulu lathu ali nayo yatsopano ku Bradford, abwera nayo mawa."

Ndinkayembekeza kuti mwina afunsa za achimwene.

"Halo? Mukundimva? Ndati ndi paipi chabe."

"Achimwene anawabweza pakhomo."

"Aa! Zoona? Pepani kwambiri. Koma apatsidwa tsiku lina, si choncho? Azungu amamvetsa nkhani ya kuwonongeka kwa galimoto."

Achimwene anatambasula dzanja kuti ndiwapatse foni. Ndinaganiza kuti lero ayankhula. Anamvetsera kwa kanthawi, akugwedeza mutu.

"Tithokoze Mulungu kuti injini ili moyo, alamu," anatero, n'kundibwezera.

Loya anapemphadi tsiku lina, ndipo anatipatsa la patsogolo kwambiri. Lisanafike, achimwene anapita kukasayina ku ofesi ya za anthu obwera monga ankachitira nthawi zonse, ndipo sanatulukenso. Anawasunga kumalo kwina kum'mwera, kumene ndinakawaonako kamodzi, kenako anawakweza ndege yobwerera kwathu. Loya anayesa zimene akanatha. Nditamufunsa ngati zinthu zikanasintha tikanafika pa nthawi yake Lachinayi lija, anati palibe angadziwe, mwina umboniwo akanaukananso. Bambo a Tadala mawu amenewo anawagwira ndi manja awiri. Mpaka lero nkhaniyi ikatuluka amati, "Ngakhale loya ananena kuti palibe angadziwe."

Achimwene ali kwa msuweni wathu ku Mchinji, kutali ndi Blantyre, ndipo satuluka kawirikawiri. Tikamayankhula pa foni amafunsa za sukulu ya Tadala, za ntchito yanga, ndi kuti alamu ali bwanji. Ine ndimati ali bwino.

Galimoto inabwerera ku Hull Loweruka lotsatira ulendo uja, ikuyenda yokha. Nyumba imene tikukhala ili ndi garaja ya galimoto imodzi, ndipo bambo a Tadala amati chitsulo chakale sichifuna chinyezi. Choncho ya ku America imagona mkati, atayifunditsa nsalu. Yanga imagona pamsewu. Nyengo yozizira ndikamapita ku shifiti ya m'mawa ndimayamba ndapala madzi oundana pagalasi, zala zitachita dzanzi, chitseko cha garaja chili chotseka kumbuyo kwanga. Ndikalowa n'kutembenuza kiyi, imalira nthawi yomweyo.